Chitsulo Chimene Anachiika pa Zidina Pabwalo Panga

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine mayi a Tiyamike a kwa Chonde, ndili ndi ana awiri, ndipo ndikufuna mumve momwe chitsulo chinatsala pang'ono kundidyera ana pakhomo panga pomwe.

Amuna anga amayendetsa thirakitala ya abwana ena a famu, yakalekale, yolira ngati ikutsokomola. Kutsogolo kwake kuli chifosholo chachikulu cha mikono iwiri, chotapira mchenga ndi manyowa. Nyengo yolima ikafika amachichotsa kuti thirakitala ipepuke, n'kuchiimika pa miyendo yake iwiri yachitsulo. Koma chaka chimenecho miyendoyo akuti inasowa. Akapitawo a pafamupo, a Nakoma, analamula kuti chikhale pabwalo pathu poti kufamu akuba zitsulo anachuluka, ndipo mikonoyo anaisanjika pa zidina, njerwa zosawotcha zija.

Mvula ya chizimalupsa itangogwa ndinaona matope ofiira akutsika m'mbali mwa zidinazo, chifosholo chitapendekeka pang'ono, pang'ono pokha, koma ine ndinaona. Ndipo pansi pake penipenipo Tiyamike wa zaka zinayi anali atayala tizitini take ta masanje, Yankho akukwawira komweko kutsata mthunzi. Ndinauza bambo awo, iwo anauza akapitawo, akapitawo anandiyang'ana n'kuseka. "Mayi, za thirakitala mwaphunzira liti? Kasamaleni mapoto."

Tsiku lochibwezera pa thirakitala linali Lachiwiri m'mawa, kutapezeka ntchito ya mchenga. Amuna anga anati tiyambe tachirikiza ndi mitengo, koma a Nakoma anali ndi changu, anakwera okha pampando, n'kuwauza kuti aime kutsogolo aziyang'ana mabowo kuti alowetse mapini. Ine ndinali nditangomukoka Tiyamike padzanja, akulira kuti tizitini take tatsala. Thirakitala inadumpha, inagunda mkono umodzi, zidina zinangoti phwa! Mkonowo unagwera pa mwendo wa amuna anga. Tizitini tija tinaphwatalala ngati masamba, pamalo pomwe mwana wanga anali atakhala.

Mwendo unathyoka pawiri. Iwo ali kuchipatala, a Nakoma anakauza abwana kuti dalaivala anali ataledzera, munthu woti ngakhale thobwa lowawasa salawa. Amuna anga ntchito inawathera. Thirakitala anaitenga, koma chifosholo anachisiya momwemo, mkono wina pansi, wina uli m'mwamba pa zidina zotsala, mvula ikubwera. Ndinapita kwa a Nakoma kawiri kukawadandaulira. Ulendo wachiwiri anandiyankhira pampanda kuti ndisamuke ngati ndikuopa.

Masabata atatu Yankho sanatsike kumsana. Tiyamike ndinkamumanga chitenje m'chiuno n'kumangirira pa nsanamira ya khonde ngati mbuzi, kuti ndithe kupita kumjigo. Ankandifunsa kuti amayi ndalakwa chiyani. Mphepo ikawomba kuchokera kuphiri chitsulocho chinkalira, ine mtima phaa.

Sindikunamizani abale, pemphero langa silinali lokoma. Sindinapemphe kuti ndikhululuke. Ndinkati Ambuye, munthu uyu musamupatse mtendere, chakudya chimuwawe m'kamwa, manyazi amene wandiveka muvekeni iyeyo anthu akuona. Mnzanga wina anati tiwoloke malire, kuli sing'anga amene angamupuwalitse dzanja. Ndinavala nsapato, ndinafika mpaka pamsewu. Ndinabwerera, osati chifukwa cha chifundo ayi, koma ndinati dzanja la Mulungu ndi lolemera kuposa la munthu ameneyo.

Loweruka lina kunadutsa bambo wachikulire pa njinga, akugulitsa nanazi. Sindinkawadziwa. Anaima, anayang'ana chifosholo, anang'ung'udza m'Chilomwe n'kutsamiritsa njinga pamtengo wa mango.

"Mwana wanga, anachita izi ndani? Amafuna maliro?"

Anali a Muhowa, amene anagwira umakaniko kuesiteti ya tiyi mpaka kupuma. Anabwerera masana ndi jeke yokwezera magalimoto ndi amuna atatu a kumpingo kwawo. Anadula zipika za bulugama, anachirikiza, anatsitsa mkonowo pang'onopang'ono mpaka chitsulo chonse chinagona pansi. Ndinamasula Tiyamike, anathamanga kuzungulira nyumba katatu. Ine ndinangokhala pansi n'kulira.

Kenako a Muhowa anagwira pomwe pamakhala miyendo paja, anakanda penti ndi chikhadabo. "Miyendo yake ndi yofiira chonchi, ya mabowo atatu? Ndimaidutsa tsiku lililonse. Ndi mizati ya geti pa nyumba ina kuseri kwa msika."

Nyumba ya a Nakoma! Anaba miyendo n'kumangira geti, ana anga n'kuwapatsa zidina.

A Muhowa sanaope, anapita okha kwa abwana, ndipo abwana anakaona ndi maso awo. Anayeza mabowo, anagwirizana ndendende. A Nakoma anauzidwa kuti akumbe mizatiyo okha ndi kuibweza pomwe pali chifosholo. Linali tsiku la msika. Anadutsa pakati pa anthu atasenza paphewa, simenti ili lendelende kumapeto, amayi a tomato akukuwiza, a kabaza akuliza mabelu. Anafika pabwalo panga thukuta lili kamukamu, anatula, anati, "Mayi a Tiyamike, pepani." Ndinawafunsa ngati akufuna madzi. Atati eya, ndinati mapoto ndikusamala, sindinatunge. Mundipempherere pamenepo, koma sindinamve chisoni ngakhale pang'ono, ndipo mpaka lero sindinamve.

A Nakoma ntchito inawathera tsiku lomwelo. Amuna anga anaitanidwanso atachira, ngakhale amatsimphina. A Muhowa ndi amene anabwezera chifosholo pa thirakitala, osathamanga, munthu aliyense ataima patali mpaka mabowo atakumana.

Ndikuthokoza Yehova amene anamva pemphero la mayi wokwiya, n'kutumiza wogulitsa nanazi. Inu amene akukusekani kuti simudziwa kanthu, chimene maso anu aona musachisiye, pitirizani kulira kwa Iye, amayankha.

Chaka chino nyengo yolima itafika, abwana anatumiza mawu kuti poti miyendo ilipo, chifosholo chikhalenso kwathu. Amuna anga anayamba kunena kuti mwina tivomere, ndi abwana. Ine ndinabereka Yankho, ndinatenga khasu, ndinakumba ngalande yofika m'chiuno kudula njira yolowera pabwalo, mbali zonse ndinazika zipika za bulugama, n'kusiya kampata kongokwana njinga. Thirakitala inafika, inaima, inalira pamenepo, inabwerera.