Mayi Verna Koskela, Woyendetsa Galimoto ya Mabuku

Malemu Mayi Verna Koskela anabadwa pa 9 Febuluwale chaka cha 1944 konkuno ku Carver Lake, m'banja la Bambo Eino Lahti ndi Mayi Hilja Lahti. Anali achitatu mwa ana asanu. Bambo awo ankagwira ntchito mumgodi wa chitsulo, ndipo mayi awo ankaphikira ana chakudya pasukulu ya pulaimale. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Arlo Lahti, ndipo malemu anali azakhali anga. Banja landiuza kuti ndisathire mchere pa chilichonse, chifukwa malemu ankadana ndi nkhani yokometsera.

M'chaka cha 1955, ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, malemu anadwala matenda a mtima ndipo anakhala chigonere nyengo yonse yachisanu. Namwino amene ankabwera kudzawaona anawasiyira kabuku kong'ambika chikuto, konena za anthu amene anachoka padziko lino pachombo n'kukasochera pakati pa nyenyezi. Bambo awo anali munthu wamapemphero koma wouma mtima, ndipo ankati nkhani yopeka ndi bodza lovala jekete. Atakapeza kabukuko kunsi kwa pilo, anakaponya pamoto kutatsala masamba makumi awiri kuti malemu amalize. Malemu sanalire. Anangophunzira kubisa bwino.

Anamaliza sekondale m'chaka cha 1962 ndipo anapita ku Duluth kukaphunzira zauphunzitsi. Maphunzirowo sanawamalize, pakuti mayi awo anadwala ndipo panalibe wina wowasamalira. Anabwerera kuno, ndipo pa 18 Juni 1966 anamanga banja ndi Bambo Raymond Koskela m'tchalitchi momwe muno. Mulungu anawapatsa ana awiri, Dale ndi Joanne.

M'chaka cha 1968 malemu analembedwa ntchito yoyendetsa galimoto ya laibulale, ija inkazungulira m'minda ndi m'misasa ya odula mitengo. Anaiyendetsa zaka makumi awiri ndi zitatu, pamatope ndi pachipale chofewa chomwe. Kumbuyo kwa galimotoyo kunali mashelefu atatu amene sankalola munthu wina kuwasanja. Loyamba linali la nkhani za maiko ongopeka, a zinjoka, malupanga ndi matsenga. Lachiwiri linali la nkhani zam'tsogolo ndi zam'mlengalenga. Lachitatu, lapansi penipeni, linali la nkhani zochititsa mantha. Munthu akakayikira buku, malemu ankamuuza kuti, "Werengani masamba makumi asanu. Likapanda kukugwirani, mundibwezere ndipo mundinyoze pamaso pa anthu." Tikudziwa anthu awiri okha amene anawanyozadi.

Malemu anali ndi maganizo awoawo pa mabukuwa, ndipo sankawabisa. Ankati buku labwino lochititsa mantha si la chilombo chachikulu, koma la nyumba yofanana ndi yako. Ankadana ndi wolemba wopha galu pofuna kuliza owerenga, komanso nkhani yokoka mabuku khumi pamene atatu akanakwana. Tsiku lina Bambo Toivo Salo, chimphona chodula mitengo chimene achikulire muno mukuchikumbukira, anabweza buku lapashelefu lapansi atalikulunga m'thumba. Anati, "Chinthu ichi chisadzalowenso m'nyumba mwanga, mayi. Lina lofanana nalo muli nalo?"

M'chaka cha 1979, pamsika wa mabuku akale, malemu anapeza kabuku kaja bambo awo anawotcha. Anawerenga masamba otsalawo ali chiimire. Atafika kunyumba anauza amuna awo kuti, "Ray, zaka makumi awiri ndi zinayi ndakhala ndikusungira bambo anga chakukhosi chifukwa cha mathero opusa chonchi." Lamlungu lotsatira anapita kumanda a bambo awo kukaika maluwa, kwa nthawi yoyamba.

Mgodi unatsekedwa m'chaka cha 1983, ndipo patatha zaka ziwiri Bambo Raymond anadwala matenda ofa ziwalo. Mbali yakumanja inafooka, ndipo maso awo sankathanso kutsatira zilembo. Kuyambira pamenepo malemu ankawasambitsa, kuwaveka, kuwadyetsa, kupita kuntchito, ndipo akaweruka ankawawerengera mokweza. Bambo Raymond anali munthu wa mbedza ndi nsomba, osati wa mabuku. Ankadandaula kuti, "Zinjoka zanuzi n'zachibwana, Verna." Malemu akatseka buku, iwo ankamenya mpando ndi dzanja lamanzere n'kunena kuti, "Kodi ndati musiye?" Anachita zimenezi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

M'chaka cha 1991 makolo ena analemba kalata yodandaula kuti galimotoyo ikufalitsa zausatana, ndipo anatchula mabuku makumi anayi ndi atatu oti achotsedwe. Pamsonkhano wa komiti ya laibulale, malemu anafunsa kuti akweze dzanja amene anawerengapo ngakhale limodzi mwa mabukuwo mpaka kumapeto. Palibe anakweza. Malemu anati ali okonzeka kumana mwana buku lililonse limene kholo lake lakana, koma sangamane tauni yonse. Akomiti anawapatsa sabata imodzi kuti aganize bwino. Sabata itatha malemu anakananso, ndipo ntchito inatha. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, mwamuna wodwala ali pakhomo. Anzawo ena akumpingo anasiya kuwapatsa moni kwa zaka zingapo. Sitikunena izi pofuna kukumba zakale. Ena mwa anzawowo ndi amene aphika chakudya chalero, ndipo malemu anawakhululukira kalekale.

Atachoka kulaibulale anapeza ntchito yochapa zofunda kunyumba yosungira okalamba, ndipo anaigwira zaka khumi ndi zisanu mpaka manja anathetheka. Koma Loweruka lililonse ankatsegula galaja yawo, mmene anasanjamo mabuku awoawo, ndipo aliyense ankabwera kudzabwereka. Sankalemba maina.

Pa 21 Januwale 1998 mwana wawo Dale anamwalira pangozi ya galimoto, atasiya mkazi ndi ana atatu. Galaja inakhala yotseka chaka chathunthu. Ataitsegulanso, anthu anadabwa kuona kuti malemu akuwerenga mabuku ochititsa mantha okhaokha. Mng'ono wawo atawafunsa chifukwa chake, anayankha kuti, "M'buku choopsa chimakhala ndi dzina, Ilona, ndipo chimathera patsamba lomaliza." Bambo Raymond anamwalira pa 6 Okutobala 2004, ndipo malemu anatsala okha m'nyumba.

Maso awo anayamba kuchita khungu m'chaka cha 2015. M'chaka cha 2019 madokotala anawapeza ndi matenda oiwalaiwala. Mwana wawo Joanne anasiya ntchito yake ku Minneapolis n'kubwera kudzakhala nawo, akuganiza kuti ikhala miyezi yochepa. Zinatenga zaka zisanu ndi chimodzi. Sitinama, zinali zaka zolemetsa. Malemu ankatuluka panja opanda nsapato kukafunafuna galimoto ya mabuku ija imene inagulitsidwa kalekale. Ankakana mankhwala, ankakalipa, ndipo pamapeto anaiwala ndi nkhope ya Joanne yomwe, n'kumamutchula kuti mayi wachilendo. Chimene chinkawakhazika pansi chinali kuwerengeredwa basi. Tsiku lina Joanne, mawu atasasa, anadumpha masamba awiri poganiza kuti sazindikira. Malemu anati, "Mwadumpha, mayi inu. Asanawoloke mlatho amayamba akangana kaye."

Pa 2 Malichi chaka chino anagonekedwa m'chipatala ndi chibayo. Pa 10 Malichi madokotala anati palibenso chimene angachite, ndipo banja linawatengera kunyumba. Lachitatu pa 12 Malichi, masana, Joanne ankawawerengera buku limene malemu ankalikonda kuposa onse, la mayi wina amene anayenda ulendo wautali kubwerera kudziko lakwawo. Kutatsala mitu itatu, malemu anaika dzanja pabukupo n'kunena kuti, "Basi, Joanne. Ndikudziwa kumene akupita. Nawenso upumeko." Aka kanali koyamba m'zaka ziwiri kumutchula dzina. Anatsikira kulichete nthawi ya 3 koloko, ali ndi zaka 81.

Malemu asiya mwana mmodzi, Mayi Joanne Koskela, mpongozi wawo Mayi Patrice Koskela, adzukulu atatu, Neil, Britta ndi Cody, mdzukulutuvi mmodzi, komanso mng'ono wawo Mayi Ilona Niemi.

Banja likuthokoza anamwino amene ankabwera kunyumba miyezi yomaliza, makamaka Mayi Charlene Beaulieu. Likuthokoza Bambo Gus Perala, amene akhala akuchotsa chipale chofewa pakhomo pa malemu zaka khumi ndi ziwiri popanda kupemphedwa. Likuthokozanso abusa, amayi a mpingo, ndi nonse amene mwayenda pamsewu woterera kubwera kuno.

Pali zidziwitso ziwiri. Nthaka ikadali youma ndi chisanu moti manda sangakumbike, choncho thupi lisungidwa, ndipo tidzaika maliro pa 17 Meyi pafupi ndi Bambo Raymond ndi Dale. Tikudziwa kuti n'kubwera kawiri, ndipo amene sangathe tidzawamvetsa. Chachiwiri, m'holo mmene timwere khofi muli makatoni a mabuku a malemu, oposa zikwi zitatu. Joanne alibe mphamvu yowanyamulanso. Aliyense atenge amene angathe, ngakhale amene munawakana kale.

Azakhali, munasamalira mayi anu, amuna anu ndi ife tonse, ndipo munatopa. Pumulani tsopano. Mzimu wanu uuse mumtendere.