Makoma ndi Anga, Nthaka ndi ya Mbumba

Ndikupatsani moni, abale mwa Ambuye. Tsiku limene ndinagula nyumba yanga ku Malindi panali alamu anga, mng'ono wa malemu amuna anga. Mwana wanga woyamba Esinati. Wapampando wa chipani m'dera lathu. Ndi wogulitsayo, msodzi wotchedwa Che Saidi. Akazi awo panalibe, ndipo ine sindinafunse.

Amuna anga anali mphunzitsi. Atamwalira tinauzidwa kuti tituluke m'nyumba ya sukulu, ndiye ndinafuna pogona ana anga pafupi ndi manda a bambo awo. Kwathu ku Mzimba nyumba ndi ya mwamuna, choncho Che Saidi atadinda chala papepala ndinayesa kuti zatha.

Patapita miyezi iwiri kunabwera mkulu wina, nati ndi malume a akazi a Che Saidi. Anandiuza mwaulemu kuti Che Saidi anali mkamwini chabe, kuti anathetsa banja nathawira ku Joni, ndi kuti malowo ndi a mbumba yawo. Ndinawaonetsa pepala. Analiyang'ana nati, "Amayi, pepalali likunena za makoma. Nanga makomawo aima pa chiyani?"

Ndinasokonezeka. Sukulu ya sekondale ndinapita, koma sindinamvetse kuti munthu angagule bwanji nyumba yopanda pansi. Ndinkapemphera osadziwa chopempha, pakuti olandawo sanali akuba, ndipo ine sindinali wakuba.

Sabata imene malume aja anatiikira kuti tichoke itakwana, m'mawa tikumanga katundu, kunafika Abiti Jafali, mkazi wosiyidwa ndi Che Saidi uja, amene ndinkawaopa koposa. Anakhala pakhonde, nayang'ana ana anga nthawi yaitali.

"Wanu anafa, wanga anathawa," anatero. "Tasiyana pati? Masulani mitoloyo."

Anakauza malume awo kuti malo a mbumba sagulitsidwa, koma mchemwali amapatsidwa, ndipo kuyambira tsiku limenelo ine ndine mchemwali wawo. Abiti Jafali ndi Msilamu, ine Mkhristu. Chimene Mulungu anayankhira pakamwa pawo sindichidziwa, koma ndimuyamika. Mpaka lero sindidziwa ngati ndine mwini kapena mlendo. Maliro a mbumba imeneyo ndimakagona, ndipo m'nyumbamo ndakalambiramo.

Inu amene muli m'mayesero, musafooke. Ndipo inu ana anga, ndikupemphani kuti musunge mawu awa mosamala, kuti ndikadzapita pasadzapezeke wina mwa inu wogulitsa nthaka ya Abiti Jafali.