A Anselme Rochegude ndi mtengo wa Solène

Malemu a Anselme Rochegude anabadwa mu 1946 m'mudzi uno wa Vinay. Ine Honoré ndine mng'ono wawo. Pulayimale anaphunzira konkuno, ukalipentala ku Grenoble. Ali ndi zaka makumi awiri anapita ku Paris kukaphunzira kujambula mipando, ndipo anabwerako akuvala sikafu ndi m'chilimwe momwe.

Mu 1972 anakwatira a Odile Perrachon m'tchalitchi muno. Mulungu anawapatsa ana awiri, Thibault ndi Solène.

Ntchito yawo mukuidziwa. Mipando ndi matebulo awo zili m'mahotela ndi m'nyumba za anthu olemera, komwe ife sitinapondeko. Thabwa ankayamba alinunkhiza asanalidule. Wogula akawafulumizitsa ankamuyankha kuti, "Bwana, mtengowu wakula zaka zana. Inu mukuthamangira kuti?"

Gawo lotsatirali anandilamula okha kuti ndisalidumphe. Mwambo wa banja lathu ndi wakuti mwana wamkazi akabadwa amamupatulira m'munda mtengo wobala mtedza, uja wa matabwa olimba, kuti pa ukwati wake apangirepo kabati ya zovala. Solène anamupatulira waukulu, wobzala agogo athu. Anakula akusewera pansi pake, akuutchula kuti kabati yanga. Mu 1996 kunabwera munthu wofuna tebulo la thabwa limodzi lopanda msoko, ndipo thunthu lokwanira linali lomwelo. A Anselme anaudula osamuuza mwanayo. Tebulolo ndi limene linawatchukitsa. Chaka chotsatira Solène anakwatiwa ali ndi kabati yogula m'sitolo, anasamukira ku Nantes, ndipo pakhomo pa bambo ake sanapondeponso.

Achimwene sanadzikhululukire. Anthu akamayamikira tebulolo, iwo ankatuluka panja. Anaimba kwaya ya parishi ino zaka zambiri, koma ankandiuza kuti, "Honoré, wansembe anandimasula kalekale. Koma mtengo sunali wa wansembe." Kupepesa ndi pakamwa kunawakanika. Anali ouma mutu, monga tilili tonse a Rochegude.

Mu 2021 manja anayamba kunjenjemera, pensulo n'kumagwa. Pamenepo anatsitsa nthambi za mtengo uja, zimene anazisunga kudenga kwa shedi zaka zonsezi. Za kabati sizinakwane. Zinakwana mpando umodzi, umene anaupala miyezi yambiri, ndipo mwendo umodzi ndi wopendekeka pang'ono. Ndi uwo uli kutsogoloku wopanda munthu. Anamwalira Lachiwiri m'chipatala ku Grenoble, akufunsa ngati wina wafika kuchokera ku Nantes.

Asiya akazi awo a Odile, mwana wamwamuna Thibault, zidzukulu zitatu, ine mng'ono wawo, ndi mwana wamkazi Solène.

Solène, mwana wanga, ndakuona waima kukhomoko. Bambo ako anati ndikuuze kuti analakwa, ndipo sukukakamizidwa kukhululuka. Koma mpandowu ndi wako, ukhalepo kapena ayi.

Achimwene, ndanena zonse, sindinadumphe. Apumule mu mtendere.