Makatoni a ku Zomba

Chisamukire likulu kuchoka ku Zomba, zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, a Nasoni a ku Area 12 anali asanatsegule makatoni amene anadzaza chipinda cha alendo, ndipo munthu wokakamira zinthu ngati iwowa ine sindinamuonepo. Tsiku limene ndikunenali kumabwera apongozi awo, choncho akazi awo, a Evelina, popita kudepoti kukawachingamira, anasiyira lamulo khukhi wapanyumbapo, a Bauleni.

"Iwe Bauleni! Katoniyo ukupita nayo kuti?"

"Pakhonde, bwana. Mayi anati chilichonse chimene chatha chaka osachigwiritsa ntchito chituluke. Masana kubwera lole ya a Sumaila, ogula zakale aja, kudzatenga zonse za pakhonde."

"Aaa! Tsitsa! Muli jekete langa m'menemo. Ndimavala!"

"Liti, bwana?"

"Pano!" A Nasoni analisolola nalivala. Mabatani anakana kukumana pamimba.

"Ndiye likhala," anatero a Bauleni mwaulemu. "Nanga ili?"

"Limenelonso!" Analivala pamwamba pa linzake.

"Chipewa ichi anadya ndi makoswe."

"Anasiyako mbali ya mutu wanga. Bweretsa!"

"Ambulera yangotsala mawaya."

A Nasoni anaitambasula m'chipinda momwemo, thukuta lili kamukamu. "Ukuona? Sindikunyowa!"

"Zoonadi, bwana. Koma wailesi iyi sinalankhulepo chibwerere kuno."

"Ikupumula! Ndimaikonda!"

"Mayi sanati zokonda, anati zogwiritsa ntchito. Mukangoiika pansi, ine ndinyamula."

"Siifika pansi!" Anaipanira kukhwapa nayamba kugwedeza mutu ngati ikuimba.

A Bauleni anakanda m'mutu. "Bwana, chipinda chino chikapanda kuyera, apongozi anu agona pabalaza. Inu mudzadutsa bwanji pamene agona apongozi?"

"Ndizilowera pazenera!"

"Sabata zitatu zonse zimene akhale kuno?"

"Ngakhale chaka! Nyumba ndi yanga, zenera ndi langa!"

"Chabwino. Njinga iyi ilibe tcheni."

"Miyendo ndili nayo!" Anaitanyula nakhala panjingapo, majekete akulira m'misoko.

"Pepani bwana, kukhalira sikugwiritsa ntchito. Njinga imayenda."

"Iyenda!"

"M'chipinda? Ndiye makatoni atatu otsalawa ndiyambe ndawatulutsa kuti mupeze njira."

"Usawakhudze! Amenewo ndi katundu wa njinga. Mangira pakaliya!"

"Onse?"

"Onse! Ndi munthu uti amene anaona njinga yopanda katundu?"

A Bauleni anamanga ndi linya, mfundo zitatu, pakuti ntchito yawo sankaichita mwachibwana.

"Tsegula chitseko, uone mmene timapalasira ife a ku Zomba!"

Anatuluka akukankha ndi zidendene, ambulera m'mwamba, wailesi kukhwapa, akuliza belu ndi pakamwa: "Ngiri! Ngiri!" Anadutsa pabalaza mpaka pakhonde, nkuima monyadira. Kumbuyoku tsache linalira pang'ono, kenako loko anati khethe.

Pageti, lole inaliza hutala.

"Bauleni! Tsegula, ndibweze katundu wanga!"

A Bauleni anasuzumira pazenera, kiyi ali m'thumba la apuloni. "Chipinda chayera, bwana, zikomo kwambiri. Ndekha ndikanachezera mpaka mawa."

"Ndati tsegula!"

"Mayi anati zonse za pakhonde zikwere lole. Sanapatule chilichonse." Anayang'ana bwana wawo kuyambira kuchipewa mpaka kumatayala, nafunsa ndi mtima wonse: "Mukwera nokha, kapena tikunyamuleni?"