Bondo la a Pilato Liyesedwa Mumdima

Chaka cha 1956, a Pilato, amene anali atasenza matabwa a mkungudza kuchokera kuphiri la Chambe kwa zaka makumi awiri, adaitanidwa kuchipatala cha kampani kuti bondo lawo la nyamakazi liyesedwe. Likalephera, ntchito yatha, nyumba ya kampani yapita. Woyesa anali Elson, wothandiza dokotala, amene ankavala jasi loyera ngakhale popita kuchimbudzi.

"Pepala la kampani likuti ndikumangeni nsalu kumaso," adatero Elson.

"Maso alakwanji? Mwandiitanira bondo."

"Ndipinda mwendo wanu, ndiuwongola, kenaka muubwezere pomwe ndinaupinda. Osaona."

"Ku Chambe kumatsika ndani atatsinzina, adokotala?"

"Pepala silinena za Chambe."

A Pilato adalola nsalu, koma adapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona kabawi. Mwendo udafika pamalo pake ndendende.

"Mukusuzumira, madala!"

"Ndikuyang'anira katundu wanga. Mwendo ndi wanga."

Elson adakoka mfundo mpaka makutu adapindika. "Bwezeraninso."

A Pilato adadikira kuti bondo liwauze pomwe lili. Bondo lidangoti zii. Adaponya mwendo mwachimuna, nagunda beseni la mankhwala, khwengwelele!

"Pamenepo! Si pomwepo?"

"Ine ndinaupinda kumunsi. Inu mwaloza denga."

"Ndiye mudaupinda molakwa. Bondo ili lidayamba kukwera phiri inu mukuyamwa."

"Pepala silifunsa zaka."

"Ndimasuleni muone!"

"Mukaona mukhoza, ndikudziwa. Koma thabwa likakhala pamutu, mumayang'ana bwanji mapazi?"

A Pilato adakumbukira mmene adaterereka sabata yatha. "Thabwalo limadziwa njira."

Elson adanyambita pensulo. "Walephera."

"Iwe! Ana anga akagona m'jasi lakolo? Fufuta! Bondo langa ndi lachitsulo, ndikalumbira kwa DC!"

"Sindifufuta. Pepala likuti wolephera bondo limodzi achotsedwe kuphiri, apite kumudzi." Adatembenuza tsamba, nawerenga ndi chala. "Wolephera onse awiri, poti sangayende ulendo wakwawo, apatsidwe mpando pageti, aziwerenga matabwa."

"Mpando?"

"Mpando."

"Pamthunzi? Nyumba osalanda?"

"Latero. Koma inu linalo likuoneka lamphamvu."

A Pilato adakhala tsonga, nakhwimitsa okha mfundo ya nsalu, natambasula mwendo winawo.

"Lamphamvu liti, mwana wanga? Sunthani beseni lija pafupi. Ili ndiye silindidziwa n'komwe."