Kathonje ka M'mphuno

Ndinali pamzere wa kiliniki ya pa esiteti ya tiyi m'nyengo ya chiperoni, nditatseka pakamwa ndi chitenje poopa chifuwa cha anthu. Tsikulo namwino ankapisa odwala chifuwa kathonje m'mphuno kuti mamina akayezedwe. Patsogolo panga mayi wobereka mwana wotsokomola ankalankhula ndi bambo wina wa ku fakitale.

"Wanga samupisa kathonje m'mphuno, bambo. Mamina a mwana sapatsa mlendo. Akupita nawo kuti?"

"Akuti akufuna kachilombo, mayi, osati mwana. Chimfine chimasintha chaka ndi chaka. Amalemba mapangidwe ake mu kompyuta, mayiko onse n'kumafananitsa, kuti katemera asaphonye."

"Inu munaionapo kompyutayo?"

"Iyayi, ine ndimangoumitsa tiyi. Koma nafenso timasunga wa nyengo iliyonse m'tizitini, kuti akasintha tidziwe."

Mayiyo anakonza mbereko.

"Ndiye chimene chinanditengera mwana wanga Crispin chaka chatha chilimo m'menemo?"

"Anamupisa kathonje?"

"Ndinakana."

"Pepani, mayi. Mwina mulibe."

"Chikungoyenda osadziwika nkhope?"

"Chikungoyenda."

Namwino anaitana wotsatira. Mayiyo anamasula mbereko n'kulankhula ndi mwana wake.

"Iwe Teleza, dzuka, tukula mphuno. Koma kathonjeko ndikayang'anira ndekha mpaka atseke botolo."