Udzu Wosatchulidwa wa Amake a Zelifa

Chilimwe cha chaka chija Chitaganya chinali pakamwa pa aliyense chitangoyamba, kwa Nazombe apongozi awiri ankalankhulana atafulatirana monga unenera mwambo: amake a Zelifa ali pakhonde, nkhope kukhoma, akusankha nandolo m'lichero, ndipo mkamwini wawo Amosi atanyonyomala kuseri kwa nkhokwe, maso ali kumunda.

Amosi anali munthu woti ukamuuza kuti dikira pano, udzamupeza pomwepo chiswe chitamumanga miyendo. Koma amake a Zelifa chibadwire sanalakwepo, ndipo anali okonzeka kufa asanalakwe. Nyengo yonse yozizira mayiwa anamweta udzu wofolerera nyumba yawo, imene denga lake linkaonetsa nyenyezi, n'kutsamiritsa mitoloyo pamtengo wa mango pakati pa munda ndi mudzi. Amosi atayerekeza kupemphako kamtolo, anamuuza kuti udzuwo asaukhudze, asautchule n'komwe, ndipo tsiku limene adzatero adzapinde mphasa yake kubwerera kwawo kwa Chiwalo, Zelifa n'kumusiya.

M'mawa umenewo anamutuma mchere ku Chiringa, n'kumulamula kuti pobwera aotche mitengo ya thonje imene anazula, kapitawo wa malimidwe asanabwere kudzagwira anthu. Amosi ananenako za mphepo. Anamuyankha kuti za mphepo sanamufunse. Choncho pobwera anayatsa, ndipo tsopano motowo unali utalumpha kuchoka pathonje kulowa m'tchire louma, ukuyenda bwinobwino kulunjika pamango paja. Pamudzi panalibe wina, chifukwa Zelifa ndi anzake anali kutali kofuna madzi.

"Apongozi, ndili ndi mawu achangu," anatero Amosi.

"Wafa ndani?"

"Palibe."

"Ndiye palibe changu. Yambani malonje. Kwanu kwa Chiwalo kaya mumayambira kumchira, kuno timayambira pamene munthu unatulukira pakhomo."

Amosi anaomba m'manja pang'onopang'ono n'kuyambira pakhomo. Anati anadzuka bwino, anawoloka mtsinje osavula nsapato poti madzi aphwa, ndiponso poti nsapato alibe. Anakumana ndi anyamata okumba mbewa. Nyenje zayamba kulira. Zonsezi anazithamangitsa mpweya umodzi, akuyang'ana moto umene unali utafika pachulu.

"Mukuthamangira kuti? Mbewazo anapha?"

"Anapha, apongozi. Koma moto..."

"Thonje mwaotcha?"

"Ndaotcha."

"Layaka bwino?"

"Layaka bwino kwambiri. Moto wake ukuyakabe."

"Usiyeni. Upsereze zonse, pasatsale kanthu."

Amosi anayang'ana kumango. "Zonse?"

"Kodi makutu munawasiya kumsika? Ndati zonse. Pitirizani."

Anapitiriza, mwana wa eni. Anati ku Chiringa mchere ulipo koma matemba asowa, poti nyanja ya Chilwa yathawira m'kati. Anati Che Bwanali, telala wa pakhonde la sitolo ya Mmwenye, wagula wayilesi yooneka ngati sefuliya, ndipo anthu akusiya makasu kukaimvera. Amake a Zelifa anafuna kudziwa ngati m'katimo muli munthu. Amosi anati anasuzumira, mulibe. Mayiwo anaseka chitsinya mphuno, nati mawu opanda mwini wake kale ankatchedwa miseche, lero akugulidwa m'sitolo, ndipo amuna a ndevu zawo akukhalira pansi kumvera mphika.

"Nanga mphikawo wanena chiyani?"

"Wanena za Chitaganya. Akuti dziko lino aliphatikiza ndi la Halale ndi la Kumigodi."

"Ndiye malire a munda wanga ndi a Kaliati nawonso awafafaniza?"

"Za a Kaliati sananene."

"Munafunsa?"

"Wayilesi siyankha, apongozi."

"Mwaona? Ikufanana ndi inu."

Apa anakhala kanthawi akung'amba Azungu, amene akufuna kutsekera nkhuku ndi nkhandwe khola limodzi. Atatha Azungu analowera kwa akapitawo a malimidwe, anyamata osadziwa mpini, amene akuphunzitsa mizere anthu obadwira pamatutu. Atatha akapitawo anagwira a Kaliati, mnansi wawo wa mkangano wa malire, amene akuti anayamba mizere boma lisanatseke pakamwa. Amosi ankangoti "inde" ndi "zoona". Moto unali utadutsa chulu. Iye anaganiza kuti atathyola nthambi yaiwisi n'kuthamanga, angathe kuupha usanafike, popanda kukhudza chimene anamuletsa.

"Apongozi, ndichokeko pang'ono, ndibweranso."

"Pakati pa malonje? M'mimba mwavuta?"

Bodza limodzi likanapulumutsa denga tsiku limenelo, koma Amosi bodza sankalidziwa.

"M'mimba muli bwino."

"Ndiye khalani pansi. Ine ndinathawa Apwitikizi ndi mwana kumbuyo, palibe amene anandisiyapo ndili pakati pa mawu."

Amosi anabwerera pansi. Anafunafuna m'mutu njira yonenera chinthu osachitchula, ndipo mutuwo unali wosazolowera ntchito yotere.

"Moto uja, apongozi, ukupita pamango."

Lichero linaima. Amosi anaganiza kuti wamveka, mpaka anadzutsa bondo limodzi.

"Ehe," anatero mayiwo pang'onopang'ono. "Ndimadikira. Mwazungulira ku Chiringa, mwazungulira ku Halale, cholinga mufike pamango. Ndipo mukafika pamango mufike pa chimene chatsamira pamango."

"Ndi chomwecho, apongozi."

"Mukuvomera osachita manyazi?"

"Ndikuvomera. Chikufunika kuchotsedwa msanga."

"Kuchotsedwa kupita padenga la yani?"

"Paliponse, apongozi. Ngakhale panjira."

"Panjira ya kunyumba kwanu. Tamverani, akamwini. Chimenecho chikhala pamene chili. Palibe wochisuntha, kaya inu, kaya Zelifa, kaya boma."

"Chikhala, koma sichikhalitsa."

"Mukundiopseza kuti mudzaba?"

"Ine ayi. Wina."

"Abwere. Andipeza."

"Wafika kale pafupi."

Amake a Zelifa anati mawu otere ndi a mbava zonse, kunamizira mnzawo asanabe n'komwe. Utsi unali utayamba kulowa pakhonde. Anatsokomola, natamanda fungolo kuti limenelo ndilo fungo la munda wa munthu womvera lamulo, ndipo kapitawo akabwera adzachita manyazi yekha. Amosi anamva chisoni chenicheni, chifukwa anali ataona mayiwa akubwera ndi mitolo ija pamutu, miyendo itang'ambika ndi zitsotso. Anaganizanso za Zelifa ndi njira yayitali ya kwa Chiwalo, ndipo liwu loletsedwa lija linafika pammero n'kubwerera.

"Apongozi, chonde tembenukani."

"Nditani?"

"Mutembenuke, muyang'ane kuno. Kamodzi kokha."

"Ndiyang'ane inu?"

"Osati ine kwenikweni. Ine nditseka kumaso."

Mayiwo anakokera nsalu pamutu mpaka inaphimba makutu. Anati izi ndizo zotsatira za wayilesi ndi Chitaganya: lero mkamwini akuitana apongozi ake kuti aonane maso ndi maso, mawa adzafuna kudyera nawo mbale imodzi. Anati amake Amosi anabereka, koma kulera anaiwala. Anati Zelifa anali ndi amuna omufuna, wina wa njinga, koma anakatola munthu woti mutu ndi wotsekera khosi kuti mvula isalowe. Atatopa anapuma n'kufunsa ngati malonje atha.

"Atsala pang'ono. Ndinachoka ku Chiringa, ndinafika kumunda, ndinayatsa, mphepo inabwera, ndinathamangira kuno."

"Basi?"

"Ndipo masamba a mango ayamba kufota."

"Chilimwe chino. Mumafuna aphuke?"

Kumango kuja kunamveka kuthetheka, kenaka mkokomo ngati lole ya Wenela yonyamula anthu opita kumigodi ikukwera chitunda. Malawi anatalika kupitirira mtengo. Tizidutswa takuda tinayamba kugwa pabwalo, tina m'lichero momwe. Amake a Zelifa anatola kamodzi n'kukayang'anitsitsa. Kanali katali, kowongoka, ndipo munthu amene anamweta yekha sakanakasokoneza ndi thonje.

"Akamwini."

"Wawa."

"Chikupsacho n'chiyani?"

"Munandiletsa kuchitchula."

"Ndakumasulani. Tchulani."

Amosi anayang'ananso bwinobwino kuti asaname. "Tsopano ndi phulusa, apongozi."

Pamenepo mwambo unagwa pansi pamodzi ndi lichero. Mayiwo anatembenuka, naona mkamwini wawo kumaso koyamba chikwatire, naonanso kumbuyo kwake ntchito ya nyengo yonse ikukwera kumwamba. Anathamangira kumango nsalu ili m'manja. Amosi, poona apongozi akubwera m'njira imene iye anali, anachita zimene anaphunzitsidwa: anapatuka n'kukabisala kuseri kwa nthochi kuti adutse.

Pofika iwo panalibenso choti n'kupulumutsa. Anthu anali atayamba kusonkhana ndi nthambi, ndipo patsogolo pa onse panali a Kaliati, nkhope ili ngati ya pamaliro koma maso akuvina. Anapepesa mokweza kuti aliyense amve. Kenaka anafunsa, ngati ofunsa mphepo, kuti kodi ndi munthu wanzeru uti amene amalamula moto tsiku lotere, udzu wake uli pamphuno pa munda.

Amake a Zelifa anayang'ana phulusa, nayang'ana a Kaliati. Mvula inali kutsogolo, a Kaliati anali pomwepo, ndipo anasankha kuthana ndi chimene chili pafupi. Anamanga nsalu m'chiuno n'kunena kuti asawonongere chisoni chawo pa iwo. Udzuwo unalowa chiswe, ndipo iwo si munthu wofolera nyumba ndi chiswe ngati anthu ena amene sawatchula. Anachita kulamula okha kuti upse.

Amosi anasuzumira kuseri kwa nthochi, nkhope atalozetsa kumbali.

"Ndiye kuti sindinalakwe, apongozi?"

Mayiwo anafulatira, nalankhula ngati akutafuna mchenga.

"Simunalakwe."

"Kwa Chiwalo sindipita?"

"Simupita. Mwagwira ntchito."

Mawu otere Amosi anali asanawamvepo pamudzi umenewo. Anasangalala kuchokera pansi pa mtima, ndipo anafuna kuonetsa kuti sanayamikiridwe pachabe. Anatola chikuni chimene chinali chikufukabe, nachiuzira mpaka chinayaka, n'kuyang'ana kunyumba ya apongozi ake.

"Chiswe chenicheni chili padenga paja, apongozi, ndinachiona ndi maso anga. Mphepo ikadalipo. Ndiyambire kukhonde kapena kuseri?"